Wodwala wa Pakhoma

A Zebedee a ku Katawa ndi munthu amene mawu achikondi amawatsamwa ngati mbatata youma, choncho pokwanitsa zaka makumi atatu mu ukwati anaganiza kuti chithunzi chiwalankhulire. Tsoka ilo, akazi awo a Judith ndi namwino wopuma ntchito, ndipo maso a namwino sapuma.

"Tabwerani mudzaone, amake Glory," anatero a Zebedee, akuimika chithunzicho pampando. "Anajambula ndi mzungu wa ku France, zaka zoposa zana zapitazo. Ichi n'chokopera chabe, koma luso lakelo!"

A Judith anavala magalasi. "Iii, mayi uyu ali ndi chikasu."

"Si chikasu, n'kuwala kwa dzuwa."

"Dzuwa lolowa mpaka m'maso? Nanga zobiriwira pakhosizi?"

"Mthunzi."

"Mthunzi wobiriwira munauona kuti inu? Chotupa chimenecho."

A Zebedee analoza chithunzicho ndi chala. "Taonani mmene anapakira utoto pamasayapa, mochindikala, mwadala."

"Ziwengo," anatero a Judith, akukanda galasi la chithunzicho ndi chikhadabo. "Ndiponso mkono uwu ndi wautali kuposa unzake. Unathyoka, anaulumikiza molakwika."

"Aaa, mayi inu! Munthuyu sankakopera thupi ngati ojambula zithunzi za pasipoti aku msika aja. Ankajambula mmene mtima wake unkamuonera munthu."

"Ooo! Ndiye odwala alipo awiri. Nayenso mtima unkamuvuta."

"Sunkamuvuta! Unkagunda!"

"Kwambiri? Ndi BP imeneyo."

Apa a Zebedee anavula chipewa n'kuchiponya pansi. Zinawapweteka ndithu, pakuti chithunzicho anayenda nacho wapansi kuchokera kumsika, atachifunditsa jekete lawo, iwo akunyowa ndi mvula yowaza ija ya ku Mzuzu.

"Mukudziwa chimene ndagulira?" anafunsa a Zebedee. "Akufanana ndi inu! Tsiku ndinakuonani koyamba munkatuluka m'wodi m'mawa, mutatopa, mutagwira m'chiuno chomwechi, dzuwa likukuwombani kumaso. Ine mtima unangoti phwii, mpaka lero sunabwerere m'malo. Zaka zonsezi ndakhala ndikulephera kunena."

A Judith anavula magalasi, anawapukuta ndi chitenje nthawi yaitali ndithu, n'kuwavalanso.

"Ndiye inuyo, bambo a Glory, munandiona ndili chonchi, wachikasu, mkono wothyoka, osanditengera kwa dokotala?"

"Basi, yewo," anatero a Zebedee mokhumudwa, akunyamula chithunzicho. "Ndikachibweze kwa mwini wake."

A Judith anawamenya pa dzanja, phaa!

"Mukupita naye kuti? Wodwala wotere satulutsidwa. Tengani hamala ndi msomali, ameneyu tamugoneka kuchipinda kwathu, ndizimuyang'anira ndekha."