Nyumba Imene Inakana Simenti

Olemekezeka Abusa Chabala, olemekezeka Mayi Laura a bungwe losamala nyumba ino, Mayi Tereza, wapampando wa gulu lathu la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia muno mu Newcastle, amayi ndi abambo amene mwabwera molunjika kuchokera ku ntchito yosamalira okalamba, ndi ana athu nonse, ndakulonjerani lero Loweruka, pa 14 Seputembala 2024.

Ine Lucius mawu anga ndi apansipansi, choncho akumbuyo musendere. Sukulu ndinalekeza sitandade 8, koma ndisanabwere kuno ndinali kalipentala ku Mchinji, ndipo mtengo ndimaumva ukamalankhula.

Tayang'anani pamwamba panu. Mtanda wakudawo ndi wa mtengo wolimba wotchedwa oki, ndipo anasemapo chaka cha 1641. Mulibe msomali m'menemo. Zikhomo zamtengo ndizo zagwira nyumba yonse. Chipinda chapamwamba chinatulukira kumsewu ngati mayi wosuzumira alendo, ndipo pansi pake ndi popendekera, moti lalanje mukaliika limayenda lokha. Ndikakhala chete muno, ndimaona mitengo imeneyi idakali m'nkhalango, mbalame zikulira m'nthambi zake. Poti kale ino inali nyumba ya alendo, ndimamva akavalo akupuma pabwalo, amalinyero a pa mtsinje wa Tyne akuyanika malaya pamoto, ndi mlendo wina wofika kutali akufunsa ngati malo ogona alipo. Mlendo ameneyo lero ndife.

Koma tinatsala pang'ono kutaya malo ano. Bungwe litatibwereka chipinda chapamwamba kuti tizisonkhanamo, tinalowamo pa 9 Malichi. Mayi Dorcas a m'gulu lathu ataona ming'alu pakhoma, nsichi zikuonekera, anagwira pakamwa.

"A Lucius, tawoloka nyanja kudzalandira nyumba yomata? Anthu akwathu akaona chithunzi adzati ku Ulaya tikugona m'khola!"

Mnzathu wina, a Saidi, anati, "Musadandaule mayi, simenti thumba limodzi, mawa kwawala."

Mwambo wathu mukuudziwa: munthu akakubwereka nyumba, umaibweza yokongola kuposa mmene unaipezera. Simenti inagulidwa, inakandidwa m'ndowa. A Saidi atangonyamula chomatira, Mayi Laura analowa. Sanakalipe. Anaima pakati pa ndowa ndi khoma, nanena kuti simenti ikakhudza pamenepo, bungwe litilanda kiyi tsiku lomwelo. Anafotokoza kuti khoma ili limapuma: chinyezi chimalowa n'kutuluka, koma simenti imachitsekera mkati, mitengo n'kuyamba kuola mwakachetechete.

Mayi Dorcas anafunsa, "Nanga mumamata ndi chiyani?"

Mayi Laura anayankha kuti dothi, udzu, laimu ndi ndowe pang'ono.

Kenaka Mayi Mukuka a ku Chipata anaphulika kuseka. "Ndowe? Imwe a Dorcas, vulani mawotchi tikande dothi. Izi tinazisiya kumudzi, zatitsatira!"

Mwaseka, koma tsiku lija ena misozi inalengeza. Chinthu chimene tinkachita nacho manyazi kwathu, kuno chimatetezedwa ndi lamulo. Mmisiri wa bungwe anatiphunzitsa kasakanizidwe ka laimu, ife tinabweretsa manja ozolowera dothi, ndipo Loweruka lililonse, ena asanagone n'komwe atachoka ku ntchito, tinkamata tikuimba nyimbo za kwaya. Kiyi sanatilande. Ndi uyu ali m'dzanja langa.

Zikomo Mayi Laura chifukwa choima patsogolo pa ndowa ija, zikomo a bungwe chifukwa chotikhulupirira kachiwiri, zikomo amayi chifukwa cha zikhatho zanu zimene laimu anasupula. A Saidi, inunso zikomo. Simenti ija inakonza masitepe a kunyumba kwa Abusa.

Ana athu, inu amene mumatiyankha m'Chingerezi, tsiku lina mudzabwera ndi zidzukulu zathu. Mudzaike dzanja pakhoma lapamwambalo. Simudzatha kusiyanitsa pamene panamata munthu wa 1641 ndi pamene panamata amayi anu.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chipinda chathu m'nyumba ya alendo yakale ino chatsegulidwa. Pokwera, khomo lake ndi lalifupi, ndipo nyumbayi siisankha udindo: aliyense alowe ataweramitsa mutu. Abusa, titsogolereni.

Zikomo kwambiri.