Mipando Yoyera ya M'chipinda cha Alendo

Olemekezeka a Bwanamkubwa, amene mwasiya zikuluzikulu kudzaona kakang'onoka, olemekezeka mayi Chaabane, oweruza milandu ya ana, bwana Si Mondher, mkulu wa nyumba yosungirako ana olakwayi, a Shehe, makolo amene mwaimirira kumbuyoko, ndi inu anyamata amene akumetani dzulo kuti muoneke bwino pachithunzi: salaamu aleikumu.

Lero mbiri ya mzinda wathu wa Gabesi yasintha: boma lagula mipando. Yapulasitiki, yoyera mbee! Ndikuthokoza, chifukwa m'nyumba muno choyera chimene chidzakhalitse ndi mipandoyi. Ana oyera khungu amangodutsa: kulowa m'mawa, bambo awo kumwa khofi ndi akuluakulu, masana ali kwawo kudya kusikusi. Sekani, a Bwanamkubwa, nanenso ndikuseka, koma mukatha muyang'ane nkhope zili pamzerepo.

Tili ana, ine ndi Marzouk tinaba makangaza m'munda mwa eni. Bambo athu mmodzi, amayi osiyana. Ine ndinatengera khungu loyera la bambo, iye lakuda la amayi ake. Atatigwira, wapolisi anandipukuta misozi.

"Iwe pita kwanu. Usamayende ndi mwana wa wantchito wanu, akuononga."

"Ndi achimwene angatu awa!"

"Achimwene ako? Basi ine ndine Mfalansa!"

Marzouk anangoti, "Thamanga, mbuzi iwe, ukauze ababa." Ababa anachonderera, koma khoti linati mwana wamtundu umenewu ngofunika kuwongola.

Anamutsekera m'nyumba muno. Chipinda cha alendo kunalibe. Tinkaima kunja kwa mpanda n'kumafuula dzina lake. Atatuluka, anakwera bwato lopita ku Italiya, ndipo sitinamvenso za iye.

Mayi Chaabane, Lolemba lino mudzaweruza anyamata awiri amene anatenga njinga yamoto ya eni. Wina akudikira mlandu ali kwawo. Mnzake ndi uyo, wametedwa. Sindikukuphunzitsani ntchito, amayi. Ndikungoti njingayo inali imodzi.

Ine ndinaphunzira, ndinakhala loya, ndipo amandiitana kudzadula maliboni. Aliyense amanditchula mwaulemu kuti Si Lotfi, Si Lotfi, ndiye kuti bwana Lotfi. Wonditchula kuti mbuzi palibenso, ndipo makangaza akapsa ndimalambalala msika.

Ndi mawu amenewa, chipinda cha alendochi ndachitsegula. Makolo, bwerani mukhale ndi ana anu. Ine ndiimirira, mpando wanga wafika mochedwa.

Zikomo kwambiri.