Liwu limene sindinathe kuwerenga m'buku la Tiyamike

Abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye. Amene ananditsegula maso pa nkhaniyi ndi alamu anga a Nachisale, ogulitsa tomato pa Zalewa.

Mwana wanga Tiyamike amadwala khunyu. Kuchipatala anampatsa mapilitsi atsopano, ndipo ine ndinagwira lamulo lomwe ndinkalidziwa: mankhwala sadumphitsa. M'mawa pilitsi, madzulo pilitsi, pemphero pamwamba. Patatha masabata awiri thupi lake linatuluka tizilonda. Anapita yekha kuchipatala, ine ndili kumaliro. Anabwerako atatentha thupi kwambiri, zomwe adokotala ananena osazikumbuka. Anangondipatsa buku lake la kuchipatala. Nditaona kuti ndi zachingerezi, ndinalipisa m'Baibulo. Sukulu ndinalekezera sitandade 5.

Ndinapitiriza kumpatsa. Milomo ndi maso zinatupa, ndinampatsa. Khungu linayamba kusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha, ndinampatsabe. Iye kukana, ine kuperera pilitsi m'phala. Ndi manja angawa, abale!

Tsiku lachinayi a Nachisale anabwera kudzazonda. Anapempha bukulo, anawerenga. Analoza tizilembo tinayi pafupi ndi dzina la mankhwala.

"Alamu, apa alemba kuti sitopu. Ndiye kuti lekani, osampatsanso. Mankhwalawa sakumuyanja. Amayenera kubwerera kuchipatala m'mawa mwake."

Pilitsi linali m'dzanja langa. Ndinagwada pomwepo koma pemphero silinatuluke. Tinamukweza panjinga yamoto, ine nditamukumbatira kumbuyo, msewu wonse ndikungoti Yesu, Yesu, Yesu.

Anagonekedwa masabata atatu. Ndinkamusambitsa nditayang'ana kumbali. Sindinkakhala pansi, kudya osadya. Tsiku lina, milomo itayamba kuuma, anandigwira nsalu.

"Amayi, simumadziwa. Khalani pansi."

Ndinalira mpaka a nesi anabwera kudzaona.

Lero Tiyamike ali moyo. Mulungu alemekezeke! Mankhwala anamusinthira, wayambanso kuluka mphasa. Ndikuthokoza adokotala, ndikuthokoza alamu anga. Koma ndisaname, mtima sunakhazikike. Masiku ano sindituluka m'chipinda cha adokotala asanandiuze m'Chichewa chilichonse chomwe alemba. Apamzere amang'ung'udza kuti ndikuchedwetsa. Ang'ung'udze basi.

Maso ake sanachire. Padzuwa amatuluka misozi, ndipo sitikudziwa ngati adzaonanso bwinobwino. Mukamagwada, abale, mutchuleni Tiyamike ndi dzina, mutikumbukirenso ife a m'nyumba mwake.