Dzenje la Malemu pa Matiresi

Maluwa a pamanda asanafote n'komwe, Pilirani, mphunzitsi wa sayansi, anatulukira kwa mlamu wake Yunisi ku Golomoti ndi njinga ndi mphira zomangira katundu, kudzatenga matiresi a malemu mkulu wake. Abale a mwamuna anali atasesa kale mipando ndi wailesi, choncho Yunisi anatseka khomo la kuchipinda ndi thupi lake, manja m'chiuno.

"Mwalanda zonse, alamu, koma awa ayi. Achimwene anu sanadzukepo."

"Achimwene tinawaika m'manda tonse."

"Nanga dzenje ilo ndi la galu?" Yunisi analowa nakoka chofunda pa matiresiwo. Mbali ya kukhoma inali yolowa ngati mtondo.

Pilirani anagwada, nadina ndi chala. "Siponji ili pakatikati pa mphira ndi phala. Mukaipanikiza imasunga mphamvu, mukachokapo imabweza pang'onopang'ono."

"Mphamvu za amuna anga zili umo? Ine kumathyoka msana ndekha ndi mpunga ku Bwanje, mphamvu zili phee m'siponji?"

"Si zonse. Zina zimatayika, zimasanduka kutentha."

"Kutayika ndikudziwa. Ankakazitaya ku mowa ku Mtakataka."

"Ndikunena m'kati mwa siponji, alamu. Ndipo zotayikazo sizibwerera."

"Zimenezo mukuuza ine wamasiye?"

Pilirani anapukuta thukuta. "Dzenjeli ndi la siponji basi. Munthu aliyense akagona, limapangika."

"Bodza."

"Ndikuonetseni?"

"Onetsani. Koma mbali yangayo musaikhudze, gonani pa dzenjepo."

Pilirani anavula nsapato, naziika bwinobwino pansi pa bedi, nagona chagada manja pachifuwa. Yunisi anatsegula zenera. Kunja mayi Angella, oyandikana nawo nyumba, ndi anzawo ankapeta mpunga.

"Mukumva bwanji, aphunzitsi?"

"Pofewa. Ndikulowa pang'onopang'ono, monga ndinanenera."

"Kutentha kuja?"

"Kwayamba."

"Kwezani mawu, makutu anga anatha ndi kulira."

"Ndati pano payamba kutentha, alamu!"

Malichero kunja anaima. Yunisi anatulutsa mutu pazenera, mano onse pamtunda.

"Mwamva nokha, amayi. Alamu avula nsapato, agona pamalo pa akulu awo, akuti patentha. Alowa chokolo dzuwa likuswa mtengo. Wina athamange akauze akazi awo kuti apeza mnzawo."

Nthungululu inalira. Pilirani anafuna kudzuka, koma dzenje linamugwira m'chiuno, miyendo ikupalasa m'mwamba ngati nkhululu.

"Ndi sayansi chabe, amayi. Ndimayesa siponji."

"Onse amayamba ndi kuyesa," anayankha mayi Angella.

Atadzizula, Pilirani anatola nsapato imodzi nalunjika panjinga. "Matiresiwo sungani, alamu. Sindikuwafunanso."

"Iyayi, tengani ndithu," anatero Yunisi akupinda zitenje zake. "Koma mundidikire ndimange kamtolo. Matiresi amenewa amayenda ndi mkazi wake."