Amene Anachedwetsa Pikapu ya aNamakhwa

M'masiku amene magalimoto odutsa pa Namadzi anali ochepa, moti tinkawazindikira ndi kulira kwa injini asanatulukire pa kona, ine agogo anu ndinali makaniko, ndipo galaja yanga inali mthunzi wa mango kuseri kwa msika, zida zake masipanala asanu, jeke imodzi ndi mulu wa miyala. Miyalayo muikumbukire. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, choncho ndikamakakamira powerenga m'kope muno musaseke, makamaka iwe Alinafe. Ndachita kulemba chifukwa nkhani imeneyi ndikaiyamba pakamwa ndimaikhotetsa kuti indikomere. Mafoniwo muyambe mwaika m'thumba, sathawa.

Yautsa nkhaniyi ndi foni yomweyo. Tchuthi chino chitangoyamba tinali pakhonde pano masana, ine ndikusola nandolo, Alinafe naye akuti akusola, koma dzanja limodzi lokha ndi limene linali m'lichero. Linalo linkayendetsa galimoto yofiira ya m'gemu, m'msewu wopanda dzenje ndi limodzi lomwe, wopanda mbuzi, wopanda wa kabaza wokhota osayang'ana kumbuyo. Msewu wabwino chonchowo, mwana wa mwana wanga anakagundabe lole.

"Iii agogo, ndaiphwanya!"

"Wavulala?"

"Ayi agogo, ndi gemu. Koma yalowa ku galaja, akuti ndidikire maminitsi fote."

Ndinasuzumira. Kutsogolo konse kunali kutalowa m'kati, magalasi atayoyoka, ndipo pamwamba pake kawotchi kakuwerenga chobwerera m'mbuyo. Ndinati, "Fote chabe, kuphwanyika konseku?"

"Chabe? Agogo, fote ndi chaka chathunthu! Basitu, yasanduka pikapu ya aNamakhwa."

Munaseka nonse, ndipo inenso ndinatulutsa mano, koma nandolo zinandigwa m'manja. Mawu amenewo inu munabadwa n'kuwapeza m'banja muno. Chinthu chikalonjezedwa koma osafika, kaya ndi nsapato za Khirisimasi, kaya ndi mvula, mumati pikapu ya aNamakhwa, ndipo mumadziwa kuti aNamakhwa anali agogo awo a amayi anu, munthu wa ku Likoswe amene akuti ankalonjeza zimene alibe. Lero ndikuuzani kuti munthu uja sananamepo. Wabodza ndi uyu wakhala pampando wa ndalemayu.

Tsiku lija ndinaonerera kawotchi kaja mpaka kumapeto. Katangofika pa ziro galimoto inatuluka yonyezimira, nyali zonse zili m'malo, ndipo ndinati m'mtima, amakaniko a m'foni awa anakulira kuti, onena fote n'kukhaladi fote? Alinafe anandionetsanso kabatani kena ka pambali, kakuti ukalipira amakukonzera pompopompo osadikira. Ameneyo ndiye ndinamuzindikira. Ndinati uyu tinaphunzira ntchito kumodzi.

Kenako anandipatsa kuti ndiyeseko. Ine amene ndamasula mainjini osawerengeka sindinafike ndi pa kona yoyamba, ndinakakumbatira mtengo wa magetsi. Alinafe anaseka mpaka misozi, n'kupita kukathandiza agogo ake aakazi kumtondo, ine n'kutsala ndi foni m'manja, kawotchi kakutsika pang'onopang'ono. Ana inu, moyo wanga wonse anthu ndi amene ankadikira ine, ine ndinali ndisanadikirepo makaniko. Galimotoyo si yanga, ndiponso si galimoto n'komwe, koma pofika maminitsi khumi ndinali nditayamba kulusa. Ndiye ndinaganiza za munthu amene anadikira yeniyeni.

Kagwiridwe kathu ka ntchito kale kanali kotere. Galimoto ikangofika, usanamve n'komwe kuti ikudwala pati, unkayamba waikweza pa jeke, kuchotsa matayala onse anayi, n'kuikhazika pa miyala. Mwini wake ankaona ngati ntchito yayambika mwachangu, n'kumathokoza, koma cholinga chathu chinali chakuti asakaichotse n'kupita nayo kwa makaniko wina. Galimoto ya pa miyala siikwiya n'kuchoka. Ndipo ikakhala pamenepo inkasanduka sitolo yathu: wina akabwera mothamanga, chitsulo chake chitafa, tinkamasula cha galimoto yodikirayo n'kumuikira, ndipo kumeneko tinkakutcha kubwereka, ngakhale mwini wake sitinkamupempha. Masiku ano mumangoimba foni ku Limbe, chitsulo n'kubwera pa minibasi tsiku lomwelo, koma nthawi imeneyo mawu oti chitsulo chili m'njira ankatha kudyetsa makaniko miyezi itatu.

ANamakhwa anali mlimi wa tomato ndiponso mkulu wa mpingo, munthu wolankhula motsitsa, ndipo m'mudzi mwawo ndi iwo anayamba kugula galimoto, pikapu yoyera yakalekale. Mwana wawo wamkazi Esinati, amene lero mumati agogo a ku Likoswe, anali pafupi kukwatiwa, ndipo bambo ake anali atauza akuchimuna pamaso pa ankhoswe kuti mkwatibwi adzafika kutchalitchi pa galimoto, chinthu chimene kuderako chinali chisanachitikepo. Kutatsala milungu iwiri pikapu inayamba kutsokomola, ndipo anaibweretsa kwa ine.

Ndinatsegula boneti n'kuona vuto nthawi yomweyo. Kapaipi ka petulo kanatsekeka ndi zinyalala, ntchito yongomasula, kuuzira ndi pakamwa, n'kubwezera. Akanatha kubwerera nayo asanamalize kudya nthochi imene anagula pamsika. Koma ndinapukusa mutu, ndinaimba kamluzi kachisoni kamene makaniko aliyense amakadziwa, n'kuitanitsa jeke.

Mawa lake kunafika dalaivala wa matola, lole itadzaza anthu ndi matumba, pampu yake ya petulo itafa. Anandikokera pambali, n'kundigwiritsa kenakake m'manja, ndipo pasanathe ola pampu ya aNamakhwa inali pa ulendo wa ku Zomba. Ndinadziuza kuti ndipeza ina ukwati usanafike. Sindinaifunefune n'komwe. Masiku amenewo ndinkamwa, ndipo kenakake kaja kanathera komweko.

ANamakhwa ankabwera pa njinga, kudumphitsa tsiku limodzi, ulendo wonse wochokera ku Likoswe, ndipo sankabwera chimanjamanja. Lero chinangwa, mkuja tomato, tsiku lina nkhuku yamoyo.

"Amisiri, zili pati?"

"Chitsulo chikuchokera ku Limbe, bambo. Mawa chifika."

"Chabwino, amisiri. Inu ndi amene mukudziwa."

Limbe atatha mphamvu ndinasamukira ku Joni, ndinati chitsulo chake n'chosowa, chikubwera ndi lole ya kunja. Nkhuku ija tinadya. Lachisanu lomaliza, ukwati uli mawa, anafika masana dzuwa lili pamutu, anaima n'kuyang'ana pikapu yawo ili pa miyala, nkhuku za kumsika zitayamba kuikira kumbuyo kwake, ndipo ine ndinakonzeka kutukwanidwa, mayankho ndinali nawo kale. Koma iwo anavula chipewa n'kunena kuti, "Mwayesetsa, amisiri. Mulungu akudalitseni." Anakwera njinga n'kumapita.

Loweruka kunagwa mvula. Esinati anayenda wapansi kuchokera kwawo mpaka kutchalitchi, diresi atalikwinya m'manja, nsapato atanyamula mng'ono wake, matope mpaka m'maondo, ndipo akuchimuna, amene anali atakonza nyimbo yolandirira galimoto, anaisintha mawu pomwepo n'kumaimba mofunsa kuti kodi pikapu ija yadzera njira iti. Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko sikunathe. Pikapu ndinaitsitsa pa miyala anthu atakolola kale. ANamakhwa anaigulitsa chaka chomwecho, ndipo mpaka imfa yawo, akati alankhule pa msonkhano wa mpingo kuti tidzamanga chakuti, kumbuyo kunkamveka wina akunong'ona za pikapu.

Tsono tamverani kumene Mulungu amasekera. Patapita zaka, mwana wanga, bambo anuwa, anakapeza mbeta ku Likoswe, ndipo mbetayo inali mwana wa Esinati. Pa chinkhoswe ndinakhala pamphasa imodzi ndi banja lonse la aNamakhwa, mphatso ina itachedwa wina anaponya mawu aja, ndipo ine ndinaseka nawo mokweza kuposa onse. Pa zoipa zonse zimene ndinachita, kuseka kumeneko ndi kumene kumandiwawa kwambiri. Mowa ndinasiya, kutchalitchi ndinabwerera, machimo ena ndinaulula, koma ili ndinalikhazika pa miyala.

Foni ija itanditulutsira galimoto yanga, foniyo ndinaibweza kwa Alinafe, ndipo m'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita ku Likoswe. Esinati ndi ine timaitanana kuti asewere, poti ana athu anakwatirana. Ndinawapeza kukhola akudulira ng'ombe yawo ya mkaka nsenjere.

"Asewere, kwagwanji m'mawa uno? Ana ali bwino?"

"Ali bwino. Ndabwera ndi mlandu wanga."

"Mlandu? Dikirani ndikutengereni mpando."

"Ayi, ndinena choimirira."

Ndinanena zonse, kapaipi, pampu, dalaivala wa matola, mpaka nkhuku. Chikwanje chinaima m'mwamba. Pamene analankhula, mawu awo anali aang'ono.

"Bambo anga anamwalira akukutamani. Ankati mnyamata wa pa Namadzi uja anavutika nane, anafunafuna chitsulo mpaka ku Joni."

Pamenepo ndinalira, ana inu, mkulu ndi imvi zanga, pakhola la ng'ombe. Iwo anandisiya ndilire, kenako anapukuta manja pa chitenje.

"Kukhululuka ndikhululuka, asewere, poti ndine Mkhristu, ndiponso zidzukulu tili nazo zimodzi. Koma amene munawalakwira si ine ndekha. Dzina la bambo anga munaliipitsa pagulu, mukalitsukenso pagulu. Lamulungu likudzali mudzaimirire m'tchalitchi mwathu muno mapemphero akatha."

"Ndidzaimirira."

"Sindinamalize. Ine galimoto yanga sindinakwerebe. Mudzanditenge pakhomo pano."

"Asewere, ine galimoto ndilibe."

"Mesa ndinu odziwa kubwereka? Ulendo uno mudzapemphe mwini wake."

Ndinakapempha kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito wa ku Mikolongwe, amene ali ndi kagalimoto kokalamba ngati ine, ndipo atamva chifukwa chake anaseka mpaka kutsamira khoma, n'kuti adzayendetsa yekha kuti adzaone mathero ake. Lamulungu tinafika pakhomo nthawi isanakwane. Asewere anatuluka atavala zoyera za chigwirizano cha amayi, nsapato zopukutidwa bwino, anakhala kumbuyo ngati bwana, ndipo anauza aphunzitsi kuti aziyendetsa pang'onopang'ono, aziimbanso hutala pa nyumba iliyonse.

Titafika pa kamtunda koyang'anana ndi tchalitchi, galimoto inazima.

Aphunzitsi anapotokola kiyi, zii. Anthu anali ataima kale pabwalo la tchalitchi akutiyang'ana, belu likulira. Ndinatuluka, jekete la Lamulungu lili pathupi, ndinatsegula boneti, ndipo maso anga okalambawa anaona waya wa batire utamasuka. Ndinaubwezera, ndinaumenya pang'ono ndi mwala, n'kukuwa kuti tayesani. Inalira nthawi yomweyo. Belu linali lisanasiye n'komwe.

Nditabwerera m'galimoto, manja ali bii, asewere anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kani mumatha kufulumira?"

Anatsikira pakhomo penipeni pa tchalitchi, nsapato zopanda ndi kadontho ka dothi, amayi anzawo akululutira osadziwa chimene akululutira. Mapemphero atatha ndinaimirira n'kunena zimene ndakuuzanizi. Achinyamata ankangoyang'anana, koma okalamba amene anaimba nawo nyimbo ija anaweramitsa mitu, ndipo mmodzi wa iwo, wa kuchimuna, anadzandigwira dzanja panja n'kunena kuti nayenso ali ndi gawo lake.

Tsono mwatsala ndinu, chifukwa m'kamwa mwanu ndi mmene mawu aja akukhalabe. Kuyambira lero, chinthu chikachedwa m'nyumba muno, dzina la agogo a amayi anu mulisiye lipume. Ngati pakufunika dzina loti muzisekera, tengani langa, ndili moyo ndipo ndikhoza kuyankha. Ndipo inu mukadzakula, kaya mudzakhala osoka zovala, kaya a m'maofesi, kaya okonza mafoni omwewa, munthu akadzakusiyirani chinthu chake n'kufunsa kuti chitha liti, mudzamuuze tsiku loona, ngakhale likhale lakutali, ndipo ngati simungathe mudzanene msanga kuti akayese kwina. Munthu wofatsa amene sakukalipirani musamuyese wopusa, amakhala kuti wakukhulupirirani. Nyamukani tsopano, mukapereke moni kwa agogo anu a ku Likoswe, akudikira kumva ngati ndawerenga zonse osadumpha za nkhuku.