Gadiyani wa Amake Lonjezo

Tsiku limenelo pakhonde panga ku Machinjiri panali ine Jailosi. Panali mkazi wanga, amake Lonjezo. Panali mwana wanga Lonjezo, woyendetsa minibasi uja, ndi mkazi wake Esinati, mpongozi wanga, ali ndi pakati pa miyezi yothaitha. Panalinso mlamu wanga Dailesi wa ku Chemusa, amene shuga wamumaliza maso. Mulungu analiponso, koma ine sindinamuwerengere.

Moni abale ndi alongo. Aleluya! Mwayankha ngati simunadye. Aleluya!

Inu mukundidziwa. Ndinali kapitawo wa zomangamanga ine. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikakuwa kamodzi, anyamata ankathamanga ndi mawilibala. Kunyumba chimodzimodzi. Madzi osamba ankandipeza. Tiyi ankandipeza.

Kenako bondo la amake Lonjezo linatha. Linatheratu! Kutchalitchi analeka, kumsika analeka, kuchimbudzi ankapita chokwawa. Achipatala anati alichotsa aike lachitsulo, tsiku anatipatsa. Koma anesi anati, “Mubwere kaye ndi gadiyani, timuone akudzutsa wodwalayu. Kunyumba afunika womuimiritsa, womusambitsa, womuperekeza kuchimbudzi. Ngati palibe, malowa tipatsa wina, pamzere pali anthu.”

Ndiye tinakumana pakhondepo. Mwana wathu wamkazi ali ku Joni. Dailesi saona. Esinati sangadzutse munthu ndi mimba imeneyo. Lonjezo, mwana wamwamuna angasambitse mayi ake?

Ine ndinamenya pachifuwa. “Mukulira chiyani? Ndilipo ine! Ndanyamula matumba a simenti ine, ndiye mayi ameneyu andikanike?”

Dailesi anaseka. “Alamu, inu? Poto amakhala pati m'nyumba muno mukudziwa?”

Mawa lake ndinati tiyesere. Mkazi wanga ndinamugwira mikono, ndikukoka ngati thumba. Anakuwa. Msana wanga unati thee! Tinagwera pansi tonse awiri. Abale, kapitawo ali gada, mkazi wake ali pambali, chitenje chanyowa chifukwa sindinamufikitse kumene amapita. Kudzuka ine ayi. Kumudzutsa iye ayi. Ndinafuna kukuwa, koma ndikuwire ndani? Aneba abwere adzaone zimenezi?

Amake Lonjezo anatembenukira kukhoma. “Abambo, ingowauzani apatse wina. Ine ndazolowera kukwawa.”

Mawu amenewo, abale! Pemphero linakana kutuluka. Ndinangoti, “Ambuye. Ambuye.” Basi.

Tsono mukudziwa mwambo wathu. Mpongozi sitikhala naye pafupi. Chikwatiwire Esinati, ine ndinkamuyankhula ndili kuseri kwa khoma, iye atagwada kutali. Tikakumana panjira, wina ankapatuka. Koma tsiku limenelo anamva kugwako, analowa mpaka kuchipinda kwathu. Kuchipinda! Ine ndinabisa nkhope.

“Bambo, lero mundikhululukire,” anatero. “Amayi anga atafa ziwalo ndinawasamala ndine. Munthu sitikoka mikono.”

Anatenga chitenje chouma, anamanga m'chiuno mwa apongozi ake aakazi. Kenako anagwira dzanja langa ili. Dzanja langa! Analiika pachitenjepo. Ndinadzikoka n'kugwada, msana ukuwawabe.

“Musakuwe, bambo. Mukakuwa, amauma thupi. Muziwauza pang'onopang'ono, adzuka okha, inu mungochirikiza.”

Tinavutika, abale, koma anakhala pabedi.

Kuyambira pamenepo ndinalowa sukulu ya mpongozi. Ndikalakwitsa ankati, “Ayi, bambo, yambiraninso.” Ine kapitawo, kuyambiranso! Phala ndinapsereza. Madzi osamba ndinatenthetsa ngati osendera nkhumba. Chimene ndinachita bwino n'chimodzi: bedi ndinalikweza ndi njerwa, ndipo ndinaboola mpando n'kuuika pachimbudzi, poti bondo latsopano silinjuta.

Titabwerera kuchipatala, anesi anandiyang'ana imvi zangazi, anagwedeza mutu. Ndinamanga chitenje m'chiuno mwa mkazi wanga. Ndinanong'ona, “Tiyeni, mayi.” Anaimirira. Anesi anati, “Chabwino, agogo. Tsiku ndi lomwe lija.”

Aleluya! Thokozani Mulungu pamodzi nane!

Opaleshoni ndi sabata ikubwerayi. Sindikunamizani, ndili ndi mantha. Akakalowa naye muja, chitenje changa sichithandiza, mawu anga sathandiza. Msanawu nawo sindikudziwa ngati upirira. Mutipempherere. Koma panopa madzi ndimatenthetsa ndine, poto ndikudziwa pokhala, ndipo Esinati amakhala pakhonde limodzi nane, tikumwa tiyi. Ena akuti ndadyetsedwa. Anene!

Dzana ndikumusambitsa mkazi wanga, ndinamufunsa, “Madziwa sakuotchani, mayi? Ndithirenso ozizira?” Osadziwa kuti Lonjezo wabwera msanga, waima kuseri kwa bafa. Nditatuluka ndi ndowa, anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira.

“Bambo,” anatero, “ine ndimayesa m'bafamo mwalowa mlendo. Mawu aja ndi anu?”