Kapegi pa Chala cha a Ambrosi

M'chaka cha 1996, chipatala china mu Blantyre chitangolandira makina a mphatso ochokera kunja, a Ambrosi, owotcherera zitsulo ku Chirimba, anagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya mtima utawagwetsa pa ntchito. Tsiku lachitatu masana akazi awo a Eliness analoledwa kulowa, ndipo anawapeza akulimbana ndi kapegi konga koyanikira zovala kamene kanawaluma pachala, waya wake utapita ku bokosi lolira kuti tii, tii, tii.

"Siyani, abambo a Idah! Asisita anena kuti musagwire."

"Asisita ake ati? Muno mulibe munthu."

"Ali kumapeto kwa khonde uko, m'kachipinda ka magalasi. Akuti akukuonani ali komweko."

A Ambrosi anadzutsa mutu, nasuzumira kudenga ndi kuseri kwa chitseko.

"Akundiona ali kutali? Amake Idah, zimenezo tinathana nazo! Ine ndinaima pa mzere dzuwa likuswa mtengo, kuvotera nyali pa referendamu ya matipate, kuti munthu asamandionenso ali kutali."

"Nyali ilipo. Iyi yobiriwira ikuphethirayi."

"Sindikunena imeneyo!"

"Yofiira akuti ikayaka ndiye kuti zavuta."

"Zaka makumi atatu tinkanong'onezana m'bala kuopa akazitape. Lero kazitape akumuika pachala? Chotsani!"

"Sindichotsa. Andiuza bwinobwino kuti, 'Mayi, wayayu amatiuza zonse zochitika mumtima mwa bambo.'"

A Eliness anakoka mpando, naika jumbo ya nthochi pansi. 

"Zonse," anabwereza motero pang'onopang'ono.

A Ambrosi anapukusa mutu.

"Akutanthauza kugunda kwake basi."

"Sananene kugunda. Anena zonse. Asisita aja ndi ophunzira, wotchi amavala pachifuwa." Anatembenukira ku bokosi lija, pamene kamzere kankakwera ndi kutsika ngati msewu wa ku Ndirande. "Tiyese. Abambo a Idah, mumandikonda?"

Tii... tii... tii...

"Hii! Ukungoyenda ngati bulu wa ngolo."

"Ndiye kuti mtima uli m'malo!"

"Chabwino. Kristina."

"Kristina uti?"

Tii-tii-tii-tii.

"Sindinamalize n'komwe, manambala akwera kale! Uja wogulitsa mandasi pa geti la shedi yanu."

"Ndi mandasiwo! Adokotala andiletsa za mafuta, ndiye mtima ukudandaula."

"Mandasi," anatero a Eliness molunjika ku bokosi.

Tii... tii...

"Kristina."

Tii-tii-tii-tii!

"Mwaona? Mandasi alibe mlandu."

A Ambrosi anatseka maso nayesa kuganiza za zitsulo, za mabagalabazi a kasitomala amene anawasiya osamaliza. Koma mtima ndi galu wosamva mbuyake.

"Mirriam wa ku Bangwe."

"Aaa, ameneyo ndi msuweni wanga!"

"Msuweni ndiye woopsa. Taonani, handiredi teni! Zeinabu."

"Ameneyo sindikumudziwa, ndithu Mulungu!"

A Eliness anayang'anitsitsa kamzere kaja.

"Zoona. Pepani. Ameneyo ndangomupeka poyesa makina."

Pomwepo kabokosi kena ka pakhoma kanakhosomola, ndipo munatuluka mawu a sisita uja wa ku magalasi.

"Bedi nambala thuu, kwagwanji? Mtima wakwera."

"Mwamva?" a Ambrosi ananong'ona, atakoka bulangete mpaka m'mphuno. "Akujambula!"

A Eliness anaimirira, nanyolika mwaulemu kutsogolo kwa khoma.

"Zikomo asisita. Tili pa Bangwe."

"Pa Bangwe?"

"Eee. Tikachoka apa tilowera ku Machinjiri."

"Mayi, chonde musawatopetse odwalawo."

"Sakuyenda ayi, asisita. Agona."

 A Ambrosi anamva kulasa kuja kukuyambanso chapansi pa nthiti, kumene kunawagwetsa Lolemba, ndipo anachita mantha zenizeni. Adokotala anali atawauza kuti kachiwiri sikapereka moni.

"Amake Idah, mundipha."

"Ine? Ine amene ndinakukankhani pa wilibala kuchoka ku shedi mpaka pa siteji, slipasi imodzi itaduka? Kristina anali kuti? Ankatembenuza mandasi!" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nakhalanso pansi. "Tsopano ku Machinjiri. Kuli mayi wina wa..."

"Basi! Ndale za chala zatha!"

A Ambrosi anazula kapegi kaja nakaponya pa bulangete. Kamzere kanagona chogona, nyali yofiira inayaka, bokosi linayamba kulira ngati ambulansi.

A Eliness anagwira m'mutu.

"Mayo ine! Mwafa!"

"Ndili moyo."

"Asisita anati mzere ukagona ndiye kuti munthu wapita. Mayo, abambo a Idah andisiya!"

"Ndikulankhula nanu, simukundimva?"

"Khalani chete inu! Mukudziwa kuposa makina a ku Ulaya? Mayoo! Ndiwauza chiyani anthu ku Chirimba? Afa tili pa Bangwe!"

"Musakuwe, muitana chipatala chonse!"

"Suti yanu ija njenjete zinadya, tikuvekani chiyani?"

Kutali m'khonde munamveka nsapato zikuthamanga ndi matayala a tebulo la mankhwala. A Ambrosi, pofuna kungoziziritsa phokoso, anagwira dzanja la akazi awo nawapana kapegi kaja pachala. Nthawi yomweyo kamzere kanadzuka. Tii... tii... tii...

"Mwauka!" anafuula a Eliness. "Aleluya!"

"Mwauka ndinu. Taonani chala."

A Eliness anayang'ana chala chawo, kenaka bokosi. A Ambrosi nawo anayang'ana bokosi, ndipo kulasa kwa m'nthiti kuja kunayamba kuphwa kokha. Anadzikoka nakhala tsonga, nawongola pilo.

"Ambrosi," anadzitchula okha mokweza.

Tii...... tii......

"Ha! Ngati wailesi yotha mabatire."

"Ndatopa ndi kulira, n'chifukwa chake. Tandimasulani."

"A Jailosi a golosale."

Tii... tii...

"Abusa."

"Musachimwe, abambo a Idah."

Tii... tii...

"Chabwino, abusa apulumuka. A Bonifasi, oimbitsa kwaya, a mawu a besi aja."

Tii-tii-tii-tii-tii! Nyali yofiira inayakanso, manambala akuthamangitsana: handiredi twente, handiredi sate.

"Amake Idah! Ine ndi Kristina sitinafike pamenepo!"

"Makinawa ndi abodza! Zinthu za mphatso, eni ake anazitaya!"

"N'chifukwa chake pulakatisi ya kwaya inachoka pa Lachinayi lokha n'kukhala sabata yonse?"

"Ndimakonda kutamanda Mulungu!"

"Mulungu wa besi?"

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Sisita analowa wefuwefu, jakisoni ali m'manja, naima kakasi: wodwala ali tsonga, maso ali gwa ngati woweruza milandu, mlendo thukuta lili kamukamu, waya uli pachala chake.

"Bambo! Mukufuna kufa? Bwezerani msanga kachipangizoko! Popanda iko sitingadziwe mtima wanu ukaima!"

"Muwauze, asisita," anachonderera a Eliness. "Muwauze kuti kamangowerenga kugunda basi."

A Ambrosi anagwiritsa dzanja la akazi awo, nakweza chala chimodzi mwaulemu.

"Asisita, wanga mtima suima lero. Inu bwererani ku magalasi kwanu mukalembe manambala bwinobwino. Kwaya ndamaliza, koma madikoni sindinawayambe."